Mawu Anga Anathamangitsa Alongo Anga

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Abale anga, mundilole ndilankhule nditakhala pansi. Si mwano ayi, koma thupi ili ndinaliwononga ndekha ndipo masiku ano silichedwa kutopa. Dzina langa ndine Fabiano Mbewe. Ena mukundidziwa ndi dzina lina, chifukwa ndikuona nkhope zingapo zimene tinkakhalira benchi limodzi pomwa mowa ku Kapata. Kumeneko ndinali a Sayansi. Musaweramitse mitu, sinditchula munthu. Tonse watisonkhanitsa m'holo muno ndi mowa, ndipo ine ndinamwa kuposa ambiri a inu.

Kwathu ndi ku Chipangali. Makolo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amene anandilera ndi alongo anga aakulu, aNambewe. Iwo sukulu sanapite nayo patali, koma ine anandikankha ndi mtedza wa m'munda mwawo mpaka ndinakafika ku Lusaka kukaphunzira sayansi. Nditabwerako ndinalembedwa ntchito pa labu ina kunja kwa tauni ino, yoyeza dothi ndi madzi. Ndinali ndi khoti loyera ndi njinga yamoto. Ndinakwatira aNaphiri, mphunzitsi, mwana wa abusa, munthu amene anakula osaonapo botolo la mowa m'nyumba mwa makolo ake.

Ntchito yanga yaikulu inali kulemba malipoti. Mumvetsetse apa, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse. Lipoti lili ndi mwambo wake. Umayamba ndi chimene wapeza, pamwamba penipeni, kuti bwana wotanganidwa awerenge mzere umodzi n'kudziwa yankho. Zifukwa zimabwera pambuyo, kwa amene ali ndi nthawi. Anatiphunzitsa choncho, ndipo ine ndinkanyadira kuti palibe ankandiposa pa luso limeneli.

Zaka zija thonje linayamba kufala m'midzi, ndinaona nsomba zikufa m'madambo mmene alimi ankatsukira zopopera zawo. Ndinayeza madzi, ndinalemba. Ndinayezanso, ndinalembanso. Malipoti anga anakagona m'kabati mpaka chiswe chinawadya. Kenako mankhwala oyezera anatha, mafuta a njinga anatha, tinkangopita kuntchito kukasewera nsolo pansi pa mtengo wa mango. Pamapeto anatiitana mmodzimmodzi n'kutiuza kuti ntchito yatha, tizipita kwathu.

Sindikutayitsani nthawi ndi mmene ndinatsikira, chifukwa njira yake mukuidziwa. Ndinayamba ndi wa m'botolo m'mabala a m'tauni, ndi anzanga ovala mataye. Kenako masese. Kenako kachasu wa kuseri kwa msika. Wailesi inapita, mipando inapita, mabuku anga a sayansi ndinawagulitsa kwa amayi okulungira zitumbuwa. ANaphiri anapirira mpaka tsiku limene ndinakalowa m'kalasi mwawo akuphunzitsa, ndili dzandidzandi, kukapempha ya fodya ana onse akuona. Anapempha kuti awasamutsire ku sukulu ya ku Kasenengwa, kufupi ndi kwawo, ndipo anatenga ana athu awiri. Ine ndinatsala woseketsa anthu pa benchi. Ankandigulira kapu kuti ndifotokoze chifukwa chake mphenzi imang'anima kaye isanagunde, kenako n'kumaseka Chingerezi changa. Ndinkaseka nawo.

Tsiku lina m'nyengo yopalira ndinagona pa benchi lija masanasana. Ndinamva munthu akundigwedeza phewa.

"Fabi, dzuka."

Amene amanditchula Fabi ndi munthu mmodzi yekha. Ndinatsegula maso n'kuona alongo anga, matope mpaka m'mawondo, atavala chitenje chakumunda. Sanayang'ane kapu imene inali pafupi nane. Anakhala pansi pa dothi ngati ali pamaliro.

"Kumudzi akuti ndine mfiti," anatero.

Alongo anga anali amasiye, amuna awo anali atamwalira kale. Chaka chimenecho udzu unawakulira, ndiye anaitana dima. Kwa inu amene munakulira m'tauni, dima ndi pamene mwini munda aphika thobwa lambiri n'kuitana anzake kuti adzamupalirire tsiku limodzi. Anthu anabwera, anapalira, anamwa thobwa. Dzuwa litapendeka ena anayamba kusanza, thukuta kamukamu, malovu osaleka. Akuluakulu anachira. Koma panali kamtsikana ka a Tembo, oyandikana nawo nyumba, dzina lake Esinala. Iko kanapatsidwa zokhuthala za pansi zija ana amakonda. Kanamwalira pa ngolo asanafike nako ku kiliniki. Ndipo chifukwa alongo anga anatanganidwa ndi kugawira anthu osamwako okha, mudzi unati ankadziwa chimene anathiramo.

"Iwe unaphunzira," anatero. "Ine ndikalankhula akuti mfiti sivomera. Tiye ukawauze."

Ndinapita. Ndinamwako pang'ono m'mawa mwake kuti manja asiye kunjenjemera, ndipo ndinadziuza kuti pang'ono sipanunkha. Titafika ndinapempha kuona ziwiya zonse zimene anathiramo thobwa. Panali zidebe ndi zigubu zingapo. Chimodzi chinali chabuluu, pepala lake la pambali litapalidwa. Nditatsegula n'kununkhiza, ndinadziwa nthawi yomweyo. Chinali chigubu cha mankhwala opopera thonje. Pulasitiki imamwa mankhwala amenewa, ndipo ukathiramo chinthu chofunda ngati thobwa amatulukanso, ngakhale utatsuka bwanji. Ndinene zoona, abale anga, mtima wanga unasangalala. Mwana ali m'manda, alongo anga ali pa moto, ine ndinasangalala chifukwa ndinali wasayansi kachiwiri. Sindinafunse n'komwe kuti chigubucho chinachokera kuti.

Anthu anasonkhana pabwalo, mudzi wonse. A Tembo ndi akazi awo anakhala kutsogolo, maso ali ofiira. Ine ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndipo ndinachita mmene anandiphunzitsira. Ndinayamba ndi chimene ndapeza.

"Ndafufuza," ndinatero, "ndipo ndapeza kuti poizoni anali mu thobwa la aNambewe."

Mzere wachiwiri palibe anaumva. Akazi a Tembo anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira. Mwamuna wina anakuwa kuti, "Mwamva! Mlongo wake weniweni wanena!" Ine ndinakweza mawu, ndinanyamula chigubu m'mwamba, ndinatchula mayina aatali a Chingerezi a mankhwala aja. Wina kumbuyo anati, "Khalani pansi a Sayansi, kachasu akumveka mpaka kuno." Ena anaseka, ena anayamba kutola miyala. Akuluakulu a mudzi anangokwanitsa kutipatsa mpata woti tichoke amoyo.

Ndinawaperekeza alongo anga mpaka pa boda ya Mwami, chifukwa abale a malemu amuna awo ali kutsidya, cha ku Mchinji. Anali ndi kamtolo kamodzi pamutu, munthu amene anali ndi nyumba, munda ndi nkhokwe. Tili pa chipata anatembenuka.

"Bwerera, Fabi. Wachita zimene unaphunzira."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Miyezi yotsatira sindiikumbuka bwino. Ndikudziwa kuti ndinadzukapo mu ngalande, ndinadzukapo m'selo ya polisi, ndinadzukapo m'chipatala ndili ndi diripi pamkono. Ndinkamwa kuti ndisamve mawu aja, koma ndikadzuka anali pomwepo. Ndinkafuna kufa, kungoti ndinalibe mphamvu yochitira chilichonse, ngakhale chimenecho. Ngati alipo pano amene wafika pamenepo, ndikukuona m'bale wanga, ndinakhalapo.

Tsopano ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa chimene chinanditembenuza ndi chinthu chaching'ono kwambiri, ndipo sichinachitikire m'tchalitchi.

Linali tsiku la mvula chaka chotsatira. Tinadzazana m'kashedi ka mayi wogulitsa kachasu. Panali dalaivala wina wa lole amene ankadikira mapepala a katundu wake, munthu wonenepa wa mawu aulesi. Sindinamuonenso chiyambire ndipo dzina lake sindilidziwa. Anayamba kusimba za ng'ombe zimene zinabedwa kwawo. Anati mwini ng'ombe anadzuka m'mawa n'kupeza khola lili lotseka bwinobwino, mitengo ya pakhomo yabwezeredwa monga mwa masiku onse, koma m'kati mulibe kanthu. Anaima pamenepo, n'kuyatsa ndudu, n'kufunsa kuti, "Wakuba wanji amene amatseka khola akamaliza kuba?"

Anthu anayamba kuponya mayina. Iye ankangogwedeza mutu n'kuwonjezera kanthu kena kakang'ono. Anatiuza za mapazi a ng'ombe amene anadutsa pa dimba koma osaponda mbewu, ngati woziyendetsa ankalimvera chisoni dimbalo. Anatiuza za mkamwini wa pakhomopo amene anali woyamba kuthamangira ku polisi. Ine ndi mutu wanga wa sukulu ndinaona kale kumene nkhani ikupita, ndiye ndinakuwa.

"Ndi mkamwini! Anaba ndi mkamwini!"

Shedi yonse inanditembenukira ndi mkwiyo. Mkulu wina wosoka nsapato, amene tinkamwera limodzi tsiku lililonse, anandiloza chala kumaso.

"Khalani chete a Sayansi! Tisiyeni tifike tokha."

Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachionepo m'shedi ija. Makapu anali pansi, ntchentche zikuterapo, palibe ankamwa. Zidakwa zenizeni, anthu oti kapu siitha mphindi m'manja mwawo, zinaiwala mowa chifukwa cha ng'ombe za munthu wosamudziwa. Dalaivala anapitiriza ngati sindinalankhule. Atafika pamapeto, analidi mkamwini, ndipo aliyense anawomba m'manja n'kunena kuti, "Ine ndinadziwa kale." Palibe anatsutsa. Koma akanayamba n'kunena kuti mkamwini anaba ng'ombe, theka la shedi ija likanamutsutsa, chifukwa ambiri mmenemo anali akamwini.

Pamenepo ndinaona bwalo la kwathu, ine nditaima ndi kolala yanga. Anthu aja anali ndi maliro m'mitima, ndipo ine ndinawaponyera yankho kumaso ngati ndikulembera bwana wa mu ofesi. Chimene ndinanena chinali choona, koma ndinachiika poyamba, ndipo chinathamangitsa munthu amene anandilera. Ndinayamba kulira m'shedi momwemo. Anzanga anaganiza kuti ndi mowa. Sindinama kuti ndinataya kachasu amene anali m'kapu, ndinamumaliza. Koma m'mawa mwake ndinabwera m'holo muno koyamba, n'kukhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko kuti ndithawe msanga.

Ndinaganiza zolemba nkhani. Osati lipoti, nkhani yoti anthu a kwathu ayende nayo mpaka afike okha pa chigubu chija. Koma munthu woledzera salemba nkhani. Amalemba tsamba limodzi n'kuliona ngati lokoma kwambiri, mawa lake n'kupeza kuti ndi zopusa. Ndiye kuti ndilembe ndinayenera kusiya, ndipo mmene ndinasiyira mulibe chozizwitsa. Masiku oyamba ndinanjenjemera mpaka ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo anzanga a gulu lino ananditengera kuchipatala. Musachite manyazi ndi chipatala, kusiya mwadzidzidzi uli wekha kukhoza kukupha. Ndinasintha njira, ndinayamba kuzungulira kutali kuti ndisadutse kuseri kwa msika, ngakhale miyendo inkakhotera yokha. Ndinapeza ana a sekondale oti ndiziwathandiza sayansi madzulo, chifukwa madzulo ndi pamene khosi limaitana, ndipo kangachepe kamene makolo awo ankandipatsa ndinkakasungitsa kwa a tcheyamani awa. Ndinkadya kaye ndisanatuluke m'nyumba. M'mawa ndinkalemba. Ndinagwa kangapo, ndipo nthawi iliyonse ndinkabwera muno Loweruka n'kunena kuti ndagwa. Zimatopetsa kunena, koma kubisa kumatopetsa kuposa.

Nditamaliza kulemba koyamba ndinapita nazo ku Kasenengwa kwa aNaphiri, chifukwa panalibe wina amene akanandiuza zoona. Sanandilowetse m'nyumba. Anandiikira mpando pakhonde, anatenga cholembera chawo chofiira, n'kuwerenga ngati akuchonga ntchito ya mwana wa sukulu.

"Bambo a Tiyanjane," anatero, "munthu wafa pa tsamba loyamba. Pa tsamba lachiwiri mwanena kale chamupha. Nanga ine lachitatu ndiwerengerenji?"

"Ndimafuna anthu amvetse msanga."

"Ili ndi lipoti lomwe lija, mwangoliveka zovala. Ndipo mawu awa a Chingerezi amve ndani? Pitani mukalembenso."

Ndinabwerera nditakwiya, ndipo panjira ndinatsala pang'ono kulowa m'bala. Koma ananena zoona. Ndinalembanso, n'kulembanso, ndipo ulendo uliwonse mizere yofiira inkachepa. Tsiku lina anawerenga mpaka kumapeto osatsegula cholembera, kenako anauza mwana kuti andibweretsere tiyi.

Nkhaniyo ndinaisintha zonse kuti wina asati ndikunena za kwathu. Mudzi unali wopeka. Munalibe dima, munali ukwati. Womwalira anali nkhalamba, ndipo woganiziridwa anali bambo wina amene anatungira anthu a paukwati madzi pa ngolo yake. Wofufuza ndinamupanga mayi wa zaumoyo woyenda pa njinga, wamwano, wofwenkha fodya wa m'mphuno, wosakhulupirira munthu aliyense. Chigubu chinalimo kuyambira pachiyambi, koma ngati chinthu wamba. Mlimi wamaliza kupopera thonje, watsuka chigubu ndi mchenga ndi phulusa, wachiyanika padzuwa, wanunkhiza, wati fungo latha. Mnzake wabwera kudzabwereka, wamupatsa ndi mtima wabwino. Ndinalemba zimenezi mongodutsa, pakati pa mikangano ya chuma cha ukwati ndi nsanje za pabanja, kuti maso a anthu akhale kwina.

Ndinapita kwa akatekisi a kwathu kukapempha kuti ndiziwerenga chigawo chimodzi Lamulungu lililonse mapemphero a mphakati akatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anandiyandikira ngati akufuna kundinong'oneza, koma ndinadziwa kuti akununkhiza. Anavomera.

Lamulungu loyamba anatsala anthu ochepa, ndipo anatsalira kudzaona chidakwa chikudzichititsanso manyazi. Ndinawerenga, ndipo nditafika pamene nkhalamba ija yagwa pakati pa gule, ndinatseka kope langa. Mayi wina anati, "Nanga kenako?" Ndinati sabata yamawa. Anandinyoza, koma sabata yotsatira anabwera ndi anzake. Posapita nthawi anthu ankakangana pachitsime za amene wapha nkhalamba. Ena ankati ndi mkazi wamng'ono, ena ankati ndi wa ngolo yemweyo. Amayi ankamukonda wofufuza uja chifukwa cha pakamwa pake. A Tembo poyamba ankaima patali, pansi pa mtengo, manja kumbuyo. Kenako anayamba kukhala kumapeto kwa benchi.

Linafika Lamulungu la chigawo chachiwiri kuchokera kumapeto. Mmenemo wofufuza uja amakhala pa ngolo ya bambo wotunga madzi, atatopa, mafunso onse atamuthera. Ndiye amangofunsa mwaulesi kuti, "Zigubu zonsezi ndi zanu?" Bamboyo amayankha kuti, "Ayi, chimodzi ndinabwereka." Ndinatseka pamenepo monga mwa masiku onse, n'kufunsa kuti, "Wapha nkhalamba ndani?"

Masabata ena onse funso limeneli linkadzutsa phokoso. Tsiku limenelo anthu anangoyang'anizana. Patapita nthawi mayi wina wachikulire analankhula motsitsa mawu.

"Si munthu. Ndi chigubu chija cha thonje."

Wina anati, "Koma anachitsuka."

"Tonse timatsuka," anayankha mayi uja. "Changa chili m'nyumba, ndimasungiramo madzi akumwa."

Palibe anatchula dzina la alongo anga, koma ndinaona nkhope zikugwa imodziimodzi. Ndinali nditadikira mphindi imeneyi nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza kuti ndidzasangalala. Kenako a Tembo anaimirira. Anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"A Mbewe," anatero, "chigubu chija munanyamula pabwalo tsiku lija. Chinali chabuluu?"

"Inde, bambo."

"Chinali changa. ANambewe zidebe zinawachepera, ndiye anabwera kudzabwereka. Ndinachitsuka ndekha ndi phulusa." Anandiyang'ana. "Ndinachiona m'manja mwanu tsiku lija, koma sindinamve chimene munkanena."

Abale anga, ine sindinkadziwa. Ndinalemba za kubwereka chifukwa ndi mmene timakhalira m'midzi, sindinadziwe kuti ndikulemba za bambo wa mwana yemweyo. Ndinkafuna kuchotsa katundu pamutu pa alongo anga, sindinaganize kuti akachoka pamenepo agwera pa ndani. A Tembo anakhala pansi pa dothi n'kulira ngati maliro achitika tsiku lomwelo, ndipo amuna anzawo anawazungulira. Chigawo chomaliza sindinachiwerenge kwathu mpaka lero, panalibe wochifuna. Sabata imeneyo anthu anatulutsa zigubu za thonje m'nyumba zawo, anaziboola n'kuzikwirira kutali ndi chitsime.

A Tembo ndi amene anati tipite kutsidya. Mudzi unawatuma, komanso anadzituma okha. Tinadutsa pa Mwami, tinayenda mpaka tinawapeza alongo anga ali m'kamunda kobwereka, akupalira okha. Anali ataonda. A Tembo anagwada pakati pa mizere. Alongo anga anaika khasu pansi.

"Dzukani a Tembo, mudetsa buluku."

"Mayi, chigubu chija chinali changa."

"Ndikudziwa. Si ine ndinabwera kudzabwereka?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Poyamba sindinkadziwa kuti vuto ndi chigubu. Mmene uyu ankachinyamula pabwalo paja m'pamene ndinazindikira. Ndiye ndikanatchula dzina lanu pamaso pa akazi anu, manda a mwana asanaume? Esinala ndinamubereka kumsana ine."

A Tembo anawauza kuti mudzi wonse ukupepesa, nyumba yawo aifoleranso, abwerere kwawo. Alongo anga anamvetsera mpaka kumapeto. Anandiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatola khasu.

"Ndamva. Zikomo kuti mwabwera. Koma pano ndabzala kale. Tikakolola tiona."

Lero ndimatchedwa wolemba mabuku, ngakhale mabuku ake ndi timabuku totayipa pa makina a ku parishi, togulitsa pa siteshoni ya mabasi. Ndalemba ina ya mitengo ya mlombwa yodulidwa mwakuba, ina ya anthu opha nsomba ndi mankhwala, ndipo pano ndikulimbana ndi ya njovu za ku Malambo. Mu iliyonse mumafa munthu, ndipo mayi wa fodya uja amafufuza mpaka owerenga afike okha pa chimene chikuwononga dothi ndi madzi athu. Sayansi sindinaitaye, ili m'kati mwake, kungoti ndinasiya kuiika pamwamba. Ku labu sindidzabwereranso. ANaphiri tsopano amandilola kulowa m'nyumba ndikapita kukaona ana, ndipo cholembera chofiira chikadalipo. Za kubwererana sitinafikepo, ndipo sindiwafulumizitsa.

Musaganize kuti ndabwera kudzakuuzani kuti ukasiya mowa zonse zimabwerera m'malo mwake. Ine ndinasiya, ndinachita zimene ndikanatha, dzina la alongo anga linayera. Koma iwo sanabwerebe. Kukolola kuja kunadutsa, kwina kunadutsanso. Munda wawo wa ku Chipangali amalima ndi a Tembo, osatengako ngakhale chitsononkho, ndipo chimanga amachiika m'nkhokwe ya alongo anga. Chikayamba kufumbwa amachigawira amasiye a m'mudzi, n'kuikamo chatsopano. Ine chaka chilichonse ndimapita kukafunsa, ndipo amandilandira bwino, amandiphikira, amandiperekeza mpaka pamsewu. Yankho limakhala lomwe lija.

Ndatopa, abale anga, sindibisa. Masiku ena ndimadzuka n'kudzifunsa kuti ndikuvutikiranji, munthu wake sakubwera. Koma ndikudziwa kuti tsiku limene adzati "tiye", padzafunika munthu wosaledzera woti awanyamulire katundu.

Chimanga chauma, anthu ayamba kale kukolola. Mawa ndikwera basi ya ku Mwami kukafunsanso. Mundipempherere, chifukwa pa boda paja mabala ndi ambiri, ndipo pobwerera ndimadutsapo ndekha.